Bango la a Sipikala

Mwezi watha tidawaka chiliza pamanda a amalume anga, a Kasiyano, poti chaka chakwana chiwaikireni. Mmisiri amene tidamutenga ku Mtakataka adabwera ndi ngolo ya njerwa zomwe ankati zimakwanira manda a munthu wamkulu aliyense. Njerwazo zidatha mbali imodzi isanayambidwe n'komwe. Adaima manja m'chiuno n'kumayang'ana mtumbirawo.

"Kodi mudaikamo anthu awiri muno?"

"Mmodzi yekha," adayankha a Maliko, amene tsopano ndiwo mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda ndi kuika maliro m'mudzi mwathu.

"Ndiye chinali chimunthu, eti?"

Amayi amene tinkatunga madzi okandira simenti tidangoyang'anana. A Kasiyano adali munthu wochepa thupi, woti malaya a mwana wasukulu ankawakwana. Komabe manda awo ndiwo aakulu kuposa onse mu msitu uja, ndipo adakula dala. Chifukwa chakecho aliyense m'mudzi muno amachidziwa. Chimakhudza madzi akumwa.

Dzina loti Kasiyano linkamveka kutchalitchi kokha. Kwina konse adali a Sipikala. Dzinali adalipeza matipate atangoyamba, pamene wailesi idayamba kuulutsa zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo. Pakati pa mudzi wathu pali mtengo wa bwemba, ndipo pansi pake padali chipika cha msangu. Aphungu akamakumana ku Lilongwe, amalume ankaweruka kumunda dzuwa lisanafike paliwombo, n'kukhala pachipikapo, wailesi ili pamiyendo m'kathumba komwe adawasokera akazi awo, a Felesiya. Amuna ankasonkhana ngati pabwalo la milandu. Phokoso likakula, kaya mu wailesimo kaya pansi pa bwembapo, iwo ankamenya chipika ndi ndodo n'kukuwa kuti, "Oda! Oda!" Wolankhula osapatsidwa mpata ankamuthamangitsa, ndipo munthu wamkulu ndi ndevu zake ankakaima padzuwa mpaka amukhululukire.

Panalibe nkhani ya boma yomwe inkawadutsa. Sukulu yaulere itabwera adaiyamikira sabata imodzi, kenako n'kuyamba kudandaula kuti boma laitana alendo lisanamange nyumba, poti ana adadzaza pansi pa mitengo yonse ya pasukulu, mphunzitsi ali mmodzi. Za makuponi a feteleza ankati cholinga chake n'kuphunzitsa anthu kuyeza ndi mbale, chifukwa thumba limodzi linkagawidwa mabanja angapo mpaka abale kudana. Ndondomeko ya chuma cha boma ankaifanizira ndi bulangete la mwana lomwe wafunda munthu wamkulu: ukakokera kumutu, mapazi ali pamtunda. Kwacha ikagwa ankagula mabatire ambiri tsiku lomwelo, sopo ndi mchere n'kusiyira a Felesiya kuti aone chochita. Ankakhulupirira kuti dziko lathu ndi laling'ono moti palibe ndalama yomwe ingasowe osadziwika wakuba wake, vuto n'lakuti wakubayo amakhala mlamu wa wofufuza.

Tisawanamizire, sadali munthu wokana zaulere. Pamsonkhano wa chipani chilichonse ankapezeka kutsogolo, ndipo ankabwerako ndi malaya, nsalu, kapena kapaketi ka shuga. Ukawaseka ankangoti papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. M'nyumba mwawo katani ya pakhomo idali ndi nkhope ya mtsogoleri wina, nsalu yoyala patebulo ya wina, ndipo wachitatu ankaphimba dengu la ufa. Amene ankamuvotera palibe adamudziwa, ngakhale a Felesiya.

Malire awo adali pachipata cha manda, poti iwo ndiwo adali mkulu wa adzukulu nthawi imeneyo. Wobwera kumaliro atavala malaya a chipani ankamuimitsa pomwepo, kuti awatembenuze kunja kukhale mkati, apo ayi atsale panjira. Ankati akufa adatopa ndi makadi a chipani nthawi ija munthu sunkalowa mumsika popanda kadi, tsono kumandako asiyidwe apume. Anthu ankamvera. Adzukulu sakanganitsidwa, chifukwa akanyanyala, maliro amagona panja.

Amene adawadziwa amalume m'zaka zawo zomaliza amakumbukira zinthu ziwiri zomwe mlendo sakadazimvetsa. Choyamba, m'mawa uliwonse mkulu wa imvi zakezo ankakankha njinga yomangirira zigubu ziwiri, kuchokera ku mjigo wa mudzi wina wa kufupi ndi njanji. Kuno kutunga madzi ndi ntchito ya amayi, ndipo anyamata ankawaseka mobisa. Chachiwiri, pafupi ndi bwemba uja padali chikhomo chopaka penti yofiira. Chiswe chikachidya, iwo ankasema china, kuchipaka penti, n'kuchikhoma pomwepo osasuntha ndi pang'ono pomwe. Ana adakula akuganiza kuti n'chomangirapo mbuzi.

Chikhomocho adachikhoma koyamba ndi anthu oyeza madzi, ndipo amene adawabweretsa ndi a Tobiyasi.

A Tobiyasi ndi amalume adaphunzira limodzi ku Mua ali ana, ndipo chiyambire pamenepo sadagwirizanepo kanthu. A Tobiyasi adali a geni ya nsomba, munthu wamtali waphokoso, amene paunyamata wake ankakwera chitunda cha Khwekhwerere ndi dengu la usipa panjinga kukagulitsa ku Dedza. Matipate atabwera adakhala tcheyamani wa chipani cha phungu wa dera lathu, ndipo chilichonse chonenedwa ndi phunguyo kwa iwo chidali ngati Uthenga Wabwino. Pansi pa bwemba ndiwo ankathamangitsidwa kawirikawiri. Ankakaima padzuwa akutukwanabe, mawa n'kubweranso ndi fodya wogawana ndi a Sipikala. Komatu a Tobiyasi adachita chomwe amalume ndi nzeru zawo zonse za mu wailesi sadachite. Adamulondalonda phunguyo mpaka adavomera kuti mudzi wathu ulandire mjigo. Oyeza adabwera ndi zipangizo zawo, adayendayenda, n'kukhoma chikhomo. Adati makina okumbira abwera chisankho chikangotha.

Kuti mumvetse chikhomocho, muyenera kudziwa madzi amene tinkamwa, omwenso tikumwa lero. Nyanja ili kutali ndi mudzi wathu. Tili ndi mtsinje umene m'chilimwe umasanduka msewu wa mchenga. Umafukula dzenje ndi manja, n'kukhala pansi kudikira kuti madzi atuluke, kenako n'kumatapa ndi chikho pang'onopang'ono kuti usavundule. Ng'ombe zimamwa pomwepo. Mvula ikagwa mtsinje umadzaza, koma umatsika ndi zonse za kumapiri ndi za kutchire komwe anthu amadzithandizira. Tsiku lomwe chikhomo chidakhomedwa amayi tidavina.

A Tobiyasi adamwalira kampeni ili mkati. Zonse zidayenda mwa mwambo wake. Malemuwo adali atasunga matabwa a mbawa kutsindwi, monga amachitira akuluakulu ambiri kuno, ndipo kalipentala wa m'mudzi adakhoma bokosi. M'mamawa amalume adabwera pasiwa ndi bango, n'kuyeza bokosilo m'litali ndi m'lifupi, kudula, n'kupita nalo kumanda. Kwathu kuno manda sakumbidwa mwachisawawa. Pansi pa dzenje amakumba kachipinda koti bokosi lilowe mothina, pamwamba pake n'kuyala mitengo ndi mphasa kuti dothi lisagwere pabokosi. Kachipindako muyeso wake ndi bango lija basi.

Anthu adaona nkhope, bokosi lidakhomedwa misomali, ndipo akwaya adali atayamba nyimbo yonyamulira pamene tidamva mahutala. Zidali galimoto zitatu. Kumbuyo kwa yachitatuyo kudali bokosi lomwe ambiri a ife tidali tisanaonepo: loyera, lonyezimira, la zogwirira ngati zagolide, lalikulu ngati bwato. Phungu adatsika, adagwada kwa namfedwa, ndipo mmodzi wa anthu ake adapita kwa adzukulu.

"Adzukulu, tsegulani bokosilo tiwasamutse atcheya. Olemekezeka abweretsa loyenera munthu wa chipani."

Amalume adavula chipewa n'kuyankha phungu mwiniwakeyo. "Pepani bwana, mwachedwa. Misomali yalowa kale. Ndipo nyumba tawakumbira kumandako tayeza ndi bango ili. Lanulo silingalowemo."

"Ndiye kakuzeni dzenjelo, madala. Anyamata alipo, ndiwapatsa ya sopo."

"Manda sitikumba kawiri, bwana. Komanso tikawasamutsa, m'bokosi lotsalali mulowa ndani?"

 Aliyense wa kuno amadziwa kuti bokosi lomwe lagonamo maliro silisiyidwa lopanda kanthu, chifukwa limaitana wina. Amfumu, munthu wofatsa amene sankakonda mikangano, adawakokera amalume pambali, koma ife amayi tidali pafupi ndipo tidamva.

"A Kasiyano, taganizirani chikhomo chija. Nthochi zilipo kudimba. Tiika thunthu m'bokosi lakaleli, tilikwirira pambali, nkhani yatha."

Njira imeneyo idalipodi, ndipo amalume ankaidziwa kuposa aliyense. Iwo omwe adakwirirapo thunthu la nthochi chaka china, msodzi amene tinkati wamira atatulukira wamoyo manda atakumbidwa kale. Tsono sindinganene kuti mwambo udawamanga manja. Adapukusa mutu basi, n'kubwerera pomwe adaima.

Phungu adayesa kuseka. "Madala, mukundiuza kuti ndibwerere nalo lopanda munthu?"

"Linabwera lopanda munthu, bwana. Njira likuidziwa."

Kumbuyo kwa khamu wina adalephera kudzigwira, adaseka. Ndimakhulupirira kuti mawu a amalume okha phunguyo akadawameza, koma kuseka kuja ndiko kudatidyera mjigo. Adakwera galimoto osadikira mwambo wa kumanda. Pa Mtakataka anthu a pamsika adavula zipewa poona bokosi likudutsa, ndipo atamva kuti mulibe kanthu, nkhani idawanda dera lonse yoti phungu wathu akuyenda ndi bokosi kufunafuna wolowamo. A Tobiyasi adaikidwa m'matabwa awo a mbawa, ndipo bokosilo lidalowa m'kachipinda muja mosavuta.

Amuna a pansi pa bwemba adawatamanda amalume kwa milungu ingapo. Phungu uja adapambana chisankho. Tsiku lina m'chilimwe tidamva kulira kwa galimoto yaikulu pamsewu wa tala, ndipo wina adathamanga kudzanena kuti ndi makina okumbira mijigo. Amayi tidasiya mitondo n'kuthamangira kumphambano, nthungululu zili pakamwa. Makinawo sadachepetse n'komwe liwiro. Adapitirira kulowera cha ku Golomoti, ife n'kutsala titaima m'fumbi.

Kuyambira pamenepo a Sipikala adali ndi Nyumba ya Malamulo yachiwiri, ya kumtsinje, ndipo kumeneko analibe ndodo yoti amenye chipika. Amayi adapeka nyimbo yowapempha kuti atibwereke bango lawo tikayezere madzi. Inkaimbidwa mokweza akamadutsa. Kunyumba nako sikudali kopumira. Madzulo ena adafunsa madzi osamba, ndipo a Felesiya adawayankha tonse tikumva.

"Madzi osamba? Kapempheni ku Nyumba ya Malamulo kwanuko, bambo. Ine mutu wanga si mjigo."

Sadapepese kwa wina aliyense. Akafunsidwa ankati ukalola andale kusamutsa maliro lero, mawa adzaika bokosi loponyeramo voti pakati pa mitumbira. Mwina adali ndi mfundo. Koma ine ndidawadziwa anthu awiriwo, ndipo ndimaganiza kuti amalume ankafunanso kupambana mkangano wawo womaliza ndi a Tobiyasi, tsiku lomwe mnzawoyo sakadatha kuyankha. A Tobiyasi ankakonda zonyezimira. Belu la njinga yawo ankalipukuta ndi phulusa Loweruka lililonse. Akadafunsidwa, ndikukhulupirira akadasankha bokosi loyeralo. Namfedwa naye palibe adamufunsa.

Zisankho zina zidabwera, aphungu adasintha, ndipo aliyense ankalonjeza mjigo ataima pafupi ndi chikhomocho. Kuboma ankati mudzi wathu udalembedwa kale kuti udapatsidwa mjigo, tsono mpata upite kwa ena. Wailesi idayamba kukamba za mphamvu ku anthu, amalume n'kumati mphamvuzo zidatsika kuchokera ku Lilongwe, zidafika pa Dedza, n'kuopa kutsetsereka kwa Khwekhwerere. Anthu ankasekabe, koma osati ngati kale.

Kenako kudabwera chaka cha kolera. Idalowa ndi mvula yoyamba. Mwa manda amene amalume adakumba chaka chimenecho, amodzi ndi a mwana wanga wachiwiri, Anastaziya, amene adali asanayambe sukulu. Maliro a kolera alibe siwa, alibe kuona nkhope. A zaumoyo adabwera naye atamukulunga m'pulasitiki, adapopera mankhwala, ndipo adamuika okha atavala magolovesi. Adzukulu adaloledwa kukumba kokha, kenako adauzidwa kuti aime patali. Ndidawaona amalume ataima pansi pa mtengo, bango lili m'manja. Sadaloledwe kuyandikira kuti ayeze, adangodula mongoganizira msinkhu wa mwanayo.

Sindinganene kuti mjigo ukadamupulumutsa. Kolera idalowanso m'midzi ya mijigo. Koma mtima wa mayi sufunsa zimenezo, ndipo ine ndidadana nawo amalume. Sindidawapatse moni mpaka tidakolola. Iwo sadabwere kudzalankhula nane za mwanayo, ngakhale kamodzi. Chomwe chidachitika n'chakuti m'mawa wina ndidatsegula chitseko n'kupeza chigubu cha madzi oyera pakhonde. Mawa lake chimodzimodzi. Apo ndi pomwe idayambira njinga ya zigubu ziwiri ija: china cha a Felesiya, china changa. Ankangotula n'kutenga chopanda kanthu, osaodira. Adachita zimenezo mpaka miyendo idawakana.

Pansi pa bwemba adapitiriza kukhalapo, koma ndodo idayamba kugona pansi. Achinyamata adali atayamba kumvera nkhani m'mafoni, aliyense payekha. Nthawi zina ankatsala okha ndi wailesi yawo, akuyankha aphungu ngati akuwamva.

Zomwe zidatsatira tidazimva kwa a Maliko maliro atatha, chifukwa amalume adawauza iwo okha ndi a Felesiya. Atayamba kudwala chifuwa chomwe chidawatenga, chidali chaka cha chisankho. Tsiku lina adauza anthu kuti akupita kuchipatala ku Salima, ndipo adakwera minibasi atanyamula mabango awiri. Kuchipatalako sadafikeko. Adapita kwa ogulitsa mabokosi a maliro, adaloza lalikulu kuposa onse, n'kuliyeza m'litali ndi m'lifupi, wogulitsayo akuganiza kuti mkuluyu wazungulira mutu. Mabangowo adawasomeka kutsindwi. Matabwa awo a mbawa, omwe adawasunga zaka zambiri, adakawapereka kusukulu kuti akhomere mabenchi.

"Maliko," adatero, "ndikapita, musandikhomere bokosi. Mukumbe ndi mabango awa. Mutumize uthenga kwa onse akupikisanawo kuti a Sipikala atsikira kuli chete ndipo bokosi palibe. Chaka chino libwera lokha."

A Maliko adafunsa kuti nanga akabweretsa awiri zidzatha bwanji.

"Woyamba kufika, maliro ndi ake. Wachiwiriyo, nthochi zilipo kudimba."

A Maliko akuti adawayang'ana kumaso, poti onse awiri ankakumbukira tsiku lomwe amfumu adanena mawu omwewo. Amalume adangotsokomola n'kutembenukira kukhoma.

Adamwalira kampeni itafika pachimake. Thupi lidagona pamphasa, litafunditsidwa nsalu, ndipo kalipentala adakhala pakhonde ndi sowo yake osapatsidwa ntchito. Kuno kumatentha, maliro sachedwetsedwa. Abale ochokera ku Dedza adakwiya. Ankati n'zochititsa manyazi kuti munthu amene adaika mudzi wonse m'manda asowe bokosi, ndipo adayamba kuzula chitseko cha nyumba kuti akhomere. A Felesiya, amene moyo wawo wonse adatsutsana ndi amuna awo, adatuluka pasiwa n'kukhala pakhomopo.

"Chitseko changa chisiyeni. Eni ake anati tidikire, ndiye tidikira."

Dzuwa lidakwera, manda adatha kukumbidwa, adzukulu adabwerako n'kukhala pamthunzi. Msewu udali zii. Ndidayamba kuganiza kuti amalume awerengera molakwa, kuti andale adawaiwala kapena akuwakumbukira bwino kwambiri. Dzuwa litapendeka, anthu atayamba kung'ung'udza poyera, tidamva hutala. Adali mmodzi wa opikisanawo, bambo wachinyamata amene nthawi ya a Tobiyasi ayenera kuti adali pasukulu. Bokosi lomwe adabweretsa lidali lofiirira, lazogwirira zonyezimira. Amalume atagonekedwamo, malo adatsala oti n'kugonamo mwana.

Anyamata ake adalowa kumanda atavala malaya a chipani, nkhope ya bwana wawo ili pachifuwa. Anthu adayang'ana a Maliko. A Maliko adayang'ana pansi, ndipo palibe adatembenuza malaya. Wopikisanayo adapatsidwa mpata wolankhula pamanda penipeni, chinthu chomwe chidali chisanachitikepo m'mudzi mwathu. Adatamanda malemu amene sadawaonepo, adatchula misewu, feteleza ndi ntchito za achinyamata. Atatha, adzukulu adakoleka zingwe, adanyamula bokosi n'kuliika pakamwa pa dzenje. Adalitsitsa pang'ono, kenako a Maliko adakweza dzanja. Bokosi lidaima m'malere.

"Bwana, pepani. Malemuwa anatisiyira mawu. Anati tisawatsitse mpaka mutanena pamaso pa anthu awa za chikhomo chili pabwemba paja."

Wopikisanayo adatembenukira kwa anthu ake, wina n'kumunong'oneza. Mikono ya adzukulu idayamba kunjenjemera, poti bokosilo lidali lolemera kuposa mwini wake. Akatekisiti adatseka buku lawo. 

"Mjigo? Umenewo ndi wanga. Ndikangolowa m'boma..."

"Ayi bwana. Anati zoti mukalowa m'boma tisamvere. Anazimva kokwanira."

Bamboyo adayang'ana bokosi lake likulendewera, adayang'ana khamu la ovota. 

"Chabwino. Makina abwera tisanavote."

"Mwamva nonse?" adafunsa a Maliko.

"Tamva!"

Zingwe zidatsetsereka, ndipo bokosi lidalowa m'kachipinda muja osakhudza khoma. Pamenepo ndi pomwe ndidalira, koyamba chiyambire matenda awo. Ndidalira chifukwa ndidamvetsa kuti munthu uja, amene sadathe kunena mawu amodzi opepesa, wagulitsa chinthu chokhacho chomwe adakana kugulitsa moyo wake wonse.

Makina adabweradi tisanavote. Adazula chikhomo n'kuboola pomwepo. Tsiku lachiwiri madzi adathovoka, ofiira poyamba, kenako oyera, ndipo tidavina m'matope mpaka nsalu zathu kusadziwika mtundu. Amisiri adawaka simenti mozungulira, adaimika paipi, adaitseka ndi chivundikiro chachitsulo, n'kunena kuti mutu wa mjigo ndi chogwirira chake zikubwera kuchokera ku Lilongwe sabata yamawa. Sabata yamawayo kudali chisankho. Bambo wa bokosi uja adaluza. Wopambana akuti mjigowo si wake, sangamalize ntchito yoti anthu azitamandira mnzake. Kukhonsolo akuti sadauike m'mapulani awo. Amfumu apitako mpaka nsapato kutha.

Tsiku la chiliza lija, madzi okandira simenti tidakawatunga kumtsinje, pofukula mchenga. Popeza manda ndi aakulu, tidapitako maulendo ambiri. Ulendo womaliza ndidatsagana ndi a Felesiya, amene adaumirira kusenza kandowa kawo ngakhale msana wawo udapindika. Njira yochokera kumanda imadutsa pabwemba.

Pamalopo panalibe munthu. Chipika cha msangu palibe, okumba mjigo adachiwaza n'kuphikira. Pomwe chidali pamera udzu, kupatula kadera kakang'ono kolimba komwe mapazi awo ankaponda. Wailesi ili m'nyumba m'kathumba kake, ilibe mabatire. Pasimenti paja pali manyi a mbuzi ndi zipatso za bwemba zakugwa zokha, ndipo pakati pake paima paipi yofika m'chiuno, chivundikiro chake chitayamba dzimbiri. M'mbali mwa chivundikirocho muli kampata kolowa chala.

A Felesiya adatula kandowa kawo. Adatola kamwala, adakalowetsa pakampata paja, n'kutsamiritsa khutu papaipi. Nane ndidayandikira. Kwa kanthawi sitidamve kanthu, kenako pansi penipeni padamveka kuti chubwi.

"Alimo," adatero.

Adakonza nkhata yawo, ndidawasenzetsa kandowa kopanda kanthu kaja, ndipo tidatsetserekera kumtsinje.